Kusankha digiri ya akaunti: zoyenera kuchita musanalipire fizi

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, foni yanga siipuma. Amaimba ndi achibale, anzanga a kutchalitchi, nthawi zina ngakhale anthu amene anangopatsidwa nambala yanga pamaliro, ndipo funso lawo limakhala limodzi: mwana wathu akufuna kudzakhala akauntanti, ndiye apite kusukulu iti? Funsoli ndi lalifupi, koma yankho lake loona limatha mayunitsi, chifukwa dzina la sukulu limabwera pachisanu pa zinthu zoyenera kuziganizira, osati poyamba. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira. Ndikulankhula ndi inu eni ake amene mukufuna kulowa ntchitoyi, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri owerenga adzakhala makolo ndi amalume olipira fizi.

Mfundo yoti muigwiritse musanawerenge zina zonse ndi iyi: digiri payokha siikusandutsani akauntanti wovomerezeka. Ntchitoyi imakhala pa mafuwa atatu, omwe ndi maphunziro a kukoleji, mayeso a bungwe la maakauntanti, ndi zaka zogwira ntchito moyang'aniridwa ndi munthu amene ali kale membala wa bungwelo. Amene amasankha digiri akuyang'ana fuwa loyamba lokha amazindikira za mafuwa awiri enawo atavala kale gauni, ndalama zitatha, ndipo ndi iwowa amene amabweranso kudzandifunsa chimene chinalakwika.

1. Yambani mwaona ntchito yeniyeniyo ndi maso anu

Ambiri amasankha akaunti pa zifukwa ziwiri zosakwanira, zomwe ndi kukhoza masamu ndi kusirira galimoto ya akauntanti wina wa m'dera lawo. Masamu a ntchitoyi si ozama. Ndi kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi maperesenti, ndipo gawo lalikulu imawerenga ndi kompyuta. Chovuta ndi kuwerenga Chingerezi chokhwima cha malamulo a misonkho ndi cha miyezo yolembera malipoti a zachuma imene timaitcha IFRS, kenaka n'kufotokoza molemba chifukwa chimene mwaikira ndalama inayake pamzere uwu osati uwo. China chovuta ndi kuleza mtima.

Mwezi wanga woyamba pantchito ndinapatsidwa kuti ndifananitse buku lathu la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo ziwirizi zinasiyana ndi K270 yokha. Ndinaifunafuna kuyambira masana mpaka mlonda atayamba kuyatsa magetsi apanja. Mayi wina amene anagwira ntchito mu ofesiyo zaka zambiri, akunyamula chikwama kuti aziweruka, anangoti, "Mwaigawa ndi 9?" Inagawika popanda chotsala, ndipo iwo anandiuza kuti kusiyana kotere kawirikawiri kumatanthauza kuti wina anasinthanitsa manambala awiri oyandikana. Patangotha mphindi zochepa ndinapeza cheke cha K4,580 chimene ineyo ndinalemba kuti K4,850. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo imabwera mwezi uliwonse, pamodzi ndi masiku osasunthika a MRA, bungwe lotolera misonkho: msonkho wa pamalipiro, PAYE, uyenera kufika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo wa VAT pa 25.

Choncho pemphani kukakhala nawo mu ofesi ya maakaunti kwa masiku atatu a kumapeto kwa mwezi, kaya ndi kusukulu, ku SACCO kapena kuchipatala cha mishoni. Zikakanika, dziperekeni kusunga mabuku a banki m'khonde kapena a komiti ya chitukuko kutchalitchi kwa miyezi itatu, ndipo muone ngati mumapeza tulo mabuku asanabalanse.

Mawu angapo ndiwamasuliretu, chifukwa anthu amawasakaniza. Kalaliki wa maakaunti amalemba zolowa ndi zotuluka, kusunga malisiti ndi kukonza mavawucha, mapepala ovomereza kuti ndalama zilipiridwe. Akauntanti amasonkhanitsa zimenezo n'kukonza malipoti, bajeti ndi misonkho. Odita sakonza mabuku, koma amabwera kudzafufuza ngati zolembedwazo zili zoona. Alipo wochokera kunja amene amabwera kamodzi pachaka, ndi wam'kati amene amalembedwa ntchito ndi bungwe lomwelo kuti aziona ngati njira zotetezera chuma zikutsatidwa. Mukamva kuti uje ndi chatadi, ndiye kuti anamaliza mafuwa onse atatu aja. Wolandira ndalama pakauntala ya banki si akauntanti, ngakhale kumudzi timamutchula choncho.

2. Werengani satifiketi yanu ya MSCE mosadzinyenga

Kuti mulowe digiri mufunika makirediti 6, ndipo pa maphunziro a akaunti awiri mwa iwo ayenera kukhala a Chingerezi ndi Masamu. Kirediti ndi giredi yoyambira 1 kulekeza 6. Ngati Masamu munapeza 7 kapena 8, munakhoza ndithu, koma khomo la digiri silinatseguke, ngakhale mapoyinti anu onse pamodzi akuoneka okongola. Apa pali njira ziwiri: kulembanso phunzirolo, kapena kuyambira pansi pa makwerero a ICAM, bungwe la maakauntanti la kuno kwathu, pa satifiketi ya Financial Accounting, kenaka dipuloma ya Technician. Njira yachiwiriyi anthu amaipeputsa popanda chifukwa. Maakauntanti ambiri olemekezeka m'dziko muno anayambira pamenepo, akugwira ntchito masana n'kumaphunzira madzulo, ndipo dipulomayo imatsegula khomo la digiri ndi la mayeso apamwamba. Chenjerani ndi sukulu imene ikulonjeza kukulandirani pa digiri popanda kirediti ya Masamu, chifukwa vuto limene yabisa lero lidzaonekera tsiku limene mapepala anu adzafufuzidwe.

3. Sankhani kumene mukufuna kukathera, kenaka mubwerere m'mbuyo

Simukuyenera kulumbira lero za moyo wanu wonse, koma muyenera kudziwa kuti njirazi n'zosiyana ndipo iliyonse ili ndi mapepala amene imawalemekeza.

Njira ya odita wakunja imayambira m'makampani ofufuza mabuku. Malipiro oyamba ndi ochepa, maola ndi ambiri, makamaka miyezi yoyamba ya chaka pamene makampani amene amatseka mabuku pa 31 Disembala akufuna malipoti awo, ndipo mudzapezeka mukuwerenga matumba a feteleza m'nyumba yosungiramo katundu tsiku limene anzanu akukonzekera phwando la chaka chatsopano. Koma palibe sukulu yoposa imeneyi, pakuti m'zaka zitatu mumaona m'kati mwa banki, esiteti ya tiyi ku Thyolo, kampani ya inshuwalansi ndi bungwe lothandiza anthu. Amene akufuna kudzasaina yekha malipoti a odita alibe njira ina yodutsa.

Njira ya m'makampani ndi ya munthu wofuna kukhala pakati pa bizinesi, kuwerengera kuti kupanga thumba limodzi la shuga ku Nchalo kapena ku Dwangwa kukudya ndalama zingati, kukonza bajeti, ndi kuuza akuluakulu zimene safuna kumva. Imathera paudindo wa mkulu woyang'anira zachuma.

Njira ya misonkho ili mbali ziwiri, ku MRA kotolera kapena kumbali ya olipira monga mlangizi, ndipo imafuna munthu wosatopa kuwerenga, popeza malamulo ake amasintha pafupifupi bajeti iliyonse ya boma.

M'boma muli dipatimenti ya Accountant General, maunduna, makhonsolo ndi National Audit Office. Kumeneko mabuku amayendera makina a kompyuta oyendetsera ndalama za boma otchedwa IFMIS, miyezo yake ndi ya maboma yotchedwa IPSAS osati IFRS, ndipo chaka cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo. Digiri imalemera kwambiri m'boma pa nkhani ya giredi yolowera ndi kukwezedwa, choncho amene mtima wake uli kumeneko asaidumphe. M'mabungwe omwe si aboma ntchito yaikulu ndi kutsata malamulo a opereka thandizo ndi kulemba malipoti a polojekiti iliyonse payokha. Malipiro amakhala okoma, koma kontirakiti imatha polojekiti ikatha. Odita wam'kati ali ndi mapepala akeake, CIA, ndipo wofufuza makina a kompyuta amalemba CISA.

4. Sankhani bungwe la mayeso musanasankhe sukulu

Kuno kwathu bungwe la maakauntanti ndi Institute of Chartered Accountants in Malawi, mwachidule ICAM, limene linabadwa potsatira lamulo la Public Accountants and Auditors Act la 2013, pamene SOCAM, bungwe lakale la maakauntanti, ndi PAEC, limene linkalembetsa mayeso, zinaphatikizana. Achikulire akamati analemba PAEC, akunena mayeso amene lero ali m'manja mwa ICAM. Womaliza zonse amalemba CA(M) kumapeto kwa dzina lake. Ubwino wake ndi woti misonkho ndi malamulo a makampani amene mumaphunzira ndi a kuno komwe, ndipo mumalipira m'makwacha.

ACCA ndi bungwe la ku Britain lodziwika m'maiko ambiri. Mayeso ake pakali pano ndi mapepala 13 m'magawo atatu, ambiri mwa iwo amalembedwa mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, ndipo pepala lililonse mumakhoza ndi 50 peresenti. Bungweli linalengeza kuti kuyambira mu 2027 lisintha kasanjidwe ka mayesowa, choncho amene akuyamba digiri tsopano adzakumana ndi dongosolo latsopanolo. CIMA, yochokeranso ku Britain, imatsamira kumbali ya kayendetsedwe ka bizinesi ndipo siikonzekeretsa munthu kukhala odita.

Chimene timapepala totsatsa maphunziro sitinena ndi ndalama zakunja. ACCA ndi CIMA zimalipiritsa m'mapaundi: kulembetsa, chopereka cha chaka chilichonse, ndi pepala lililonse palokha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo ophunzira amene anali atasunga ndalama zokwanira mapepala atatu anadzuka ali ndi za mapepala awiri. Kuwonjezera apo, kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti banki ikupatsani mapaundi tsiku limene mukuwafuna, ndipo tsiku lotsekera kulembetsa silidikira munthu. Maganizo anga ndi akuti amene akudzilipirira yekha ndipo akuona tsogolo lake lili kuno, atenge ICAM popanda manyazi. ACCA ndi yoyenera kwa amene abwana ake akulipira kapena amene watsimikiza zokagwira ntchito kunja. Ngakhale pamenepo, dziwani kuti dziko lililonse lili ndi bungwe lake la maakauntanti ngati mlonda pakhomo, monga ZICA ku Zambia ndi SAICA ku South Africa, ndipo wa ACCA wogwira ntchito kuno amafunikabe kulembetsa ku ICAM.

5. Tsopano yang'anani sukulu, koma makamaka pulogalamu yake

Mayina awiri amene olemba ntchito amawadziwa kuyambira kale ndi MUBAS ku Blantyre, imene mpaka 2021 inali Polytechnic pansi pa University of Malawi ndipo imapereka Bachelor of Accountancy, ndi Malawi College of Accountancy, imene ili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ndipo digiri yake ndi Bachelor of Applied Accounting, Auditing and Information Systems. Mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba nawonso amaphunzitsa akaunti, ena bwino ndithu, ena mongotolera fizi.

Owasiyanitsa ndi mabungwe awiri. National Council for Higher Education, NCHE, imavomereza masukulu a ukachenjede ndi mapulogalamu awo, pamene Malawi Accountants Board, MAB, imayang'anira ntchito yonse ya maakauntanti kuphatikizapo malo ophunzitsirako. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kufunsa kuti, "Kodi sukuluyi ndi yovomerezeka?" Funso limeneli aliyense wa pa ofesi yolandira ophunzira adzayankha kuti inde, ndipo mwina sakunama, chifukwa kulembetsedwa kwa sukulu ndi kuvomerezedwa kwa pulogalamu ndi zinthu ziwiri. Sukulu itha kukhala ndi digiri ya zauphunzitsi yovomerezeka pamene ya akaunti ikadali pamzere. Inu funsani za pulogalamu yanu, ndi dzina lake lonse, pa nthambi yeniyeni imene mudzaphunzirepo, ndipo yankho mukalitsimikize pa mndandanda wa NCHE ndi wa MAB, osati pa chikwangwani cha pageti. Mukamva mawu akuti "zili m'kati, zitheka posachedwa", werengani kuti sizinatheke.

Pemphaninso mndandanda wa maphunziro a zaka zonse zinayi. Digiri ya akaunti yeniyeni imakhala ndi Financial Reporting kwa zaka zingapo, Management Accounting, Auditing, Taxation ya Malawi, malamulo a makampani ndi Financial Management. Digiri ya Business Administration yokhala ndi maphunziro awiri kapena atatu a akaunti ndi yabwino pa zolinga zina, koma si imeneyi, ndipo kusiyanako mudzakumva pa sitepe yotsatirayi.

6. Fufuzani ma exemption, ndipo muganize kawiri musanawalandire onse

Exemption ndi kukhululukidwa pepala la mayeso a bungwe chifukwa zimene zili m'pepalalo munaziphunzira kale pa digiri. Apa ndi pamene madigiri awiri ooneka ofanana amasiyanirana ndi chaka chathunthu cha moyo wanu kapena kuposerapo. Ku ACCA munthu angakhululukidwe mapepala osaposa 9 mwa 13 aja, ndipo a gawo lomaliza, Strategic Professional, aliyense amalemba ndithu. Digiri ina imakupatsani onse 9, ina 4, ina ngakhale limodzi ayi.

Kafufuzidwe kake ndi aka. Pa tsamba la intaneti la ACCA pali malo olembapo dzina la sukulu, dzina la pulogalamu ndi chaka chomalizira, ndipo amakuonetsani mapepala amene mungakhululukidwe. Chaka chomaliziracho musachidumphe, chifukwa chilolezo chimaperekedwa kwa zaka zowerengeka, ndipo zimene analandira msuweni wanu amene anamaliza zaka zisanu zapitazo si umboni wa zimene mudzalandire inu. Nthawi zina pepala limakhululukidwa pokhapokha ngati munatenga phunziro linalake losankha m'chaka chachitatu kapena chachinayi, ndipo wophunzira amene analithawa chifukwa mphunzitsi wake ndi wouma amadzalipira pambuyo pake. Ku ICAM lembani kalata kapena pitani nokha ku ofesi ndi dzina la pulogalamu, mufunse kuti womaliza digiri imeneyo amayambira gawo liti, ndipo yankho likhale lolembedwa. Dziwaninso kuti kukhululukidwa si kwaulere: ku ACCA pepala lililonse limene mwakhululukidwa mumalilipira, m'mapaundi momwemo, kotero kuti amene wapatsidwa 9 amakumana ndi bilu yaikulu asanalembe mayeso ngakhale amodzi.

Tsopano nayi mbali imene alangizi ambiri saitchula. Mapepala omaliza amamangidwa pamwamba pa apakati. Amene wakhululukidwa Financial Reporting amakalowa mwachindunji mu Strategic Business Reporting, limodzi mwa mapepala omalizawo, ndipo wolemba mafunso amaganiza kuti zonse za pepala lapakatilo zili m'mutu mwanu lero, osati kuti munazidziwa chaka chachitatu cha kukoleji. Mayeso a kukoleji ali ndi makontinyuwasi asesimenti, malikisi a ntchito za m'kati mwa temu, ndi mphunzitsi amene mumadziwa kafunsidwe kake; a bungwe ndi maola atatu kapena kuposerapo, inu ndi funso basi. Ndaona anthu anzeru, okhoza bwino pa digiri, akulephera pepala limodzi lomaliza katatu, ndipo ndalama zimene anataya pobwereza zinaposa zimene akanalipira polemba pepala lapakati lija. Langizo langa ndi ili: tengani mafunso akale a pepala limene mwakhululukidwa, mudzitsekere m'chipinda, muwayankhe pa nthawi yake osatsegula buku. Mukapeza 50 peresenti mosavutika, landirani exemption. Mukalephera, makamaka pa Financial Reporting kapena Audit, kapena ngati papita zaka zingapo chimalizireni digiri, ganizirani zokana exemption ya pepala limenelo n'kulilemba, kapena muliwerenge lonse ngati kuti mukalemba.

7. Werengerani mtengo wa ulendo wonse

Tengani pepala mulembe fizi ya zaka zinayi, malo ogona, chakudya, laputopu ndi mabandulo, kenaka pansi pake muwonjezere kulembetsa ku bungwe, chopereka cha chaka ndi chaka, ma exemption, mayeso, mabuku, ndi kubwereza mapepala awiri, chifukwa n'zochitika. Ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board imathandiza pa digiri, koma ndi ngongole ndithu yodzabweza, ndipo mayeso a bungwe mudzaona nokha. Banja likaona chiwerengero chonsecho limatha kuona kuti dipuloma ya ICAM, ntchito, kenaka digiri ya madzulo kapena ya kumapeto kwa sabata ndi njira imene lingaikwanitse osagulitsa munda.

8. Zaka za kukoleji musazithere m'mabuku mokha

Phunzirani Excel mpaka muzitha kufananitsa mindandanda iwiri ya mizere masauzande popanda kuloza ndi chala, ndipo mugwireko Sage kapena QuickBooks, zosungira mabuku a ndalama pa kompyuta. Makampani a pa Malawi Stock Exchange, monga National Bank of Malawi, Illovo Sugar Malawi, Press Corporation ndi TNM, amasindikiza malipoti awo apachaka poyera. Tengani limodzi muliwerenge lonse, kuphatikizapo manotsi a kumapeto amene aliyense amawadumpha. Dziwani kukonza peyilolo yeniyeni, mndandanda wa malipiro a antchito, yokhala ndi PAYE, penshoni ya 5 peresenti ya wantchito ndi 10 peresenti ya bwana, ndi levi ya TEVET. Atachimenti muifune msanga, ndipo mukaipeza musanyansidwe ndi kusanja mafayilo, popeza m'mafayilomo ndi mmene mumaonera mmene vawucha yabwino imaonekera.

9. Pezani zaka zitatu zosainidwa

Iyi ndiye sitepe yovuta koposa, ndipo ndi imene imasiya anthu ambiri panjira atakhoza kale mayeso onse. ACCA imafuna miyezi 36 ya ntchito yokhudza akaunti, zolinga 9 za luso zimene muyenera kuonetsa kuti mwazikwaniritsa, ndi phunziro la khalidwe loyenera pantchito. Wotsimikiza zimenezi ayenera kukhala akauntanti wovomerezeka amene amaona ntchito yanu. ICAM nayo imafuna nthawi ya ntchito yoyang'aniridwa pansi pa mgwirizano wolembedwa, umene m'maofesi timautcha training contract, kapena ma articles pakamwa pa achikulire. Tanthauzo lake ndi lakuti si ntchito iliyonse ya mu ofesi ya maakaunti imene imawerengedwa, ndipo si bwana aliyense amene saini yake ili ndi mphamvu.

Msampha wake umaoneka chonchi. Mwamaliza digiri, ndipo mwapeza ntchito ziwiri. Ina ndi ya kampani ya maodita, malipiro ake ongokwanira lendi ya chipinda chimodzi ku Ndirande ndi minibasi. Ina ndi ya polojekiti kuboma lakutali, malipiro owirikiza, nyumba ndi njinga yamoto, koma inu ndiye akauntanti yekhayo ndipo bwana wanu ndi katswiri wa zaulimi. Abale onse adzakuuzani kuti mutenge yachiwiriyo, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa kunyumba kuli ana asukulu akudikira. Koma pakatha zaka zitatu mnzanu uja wa ku Ndirande ndi chatadi, pamene inu muli ndi zaka zitatu zimene palibe angazisainire. Ngati mavuto a kunyumba akukukakamizani kutenga yachiwiriyo, itengeni maso ali otsegula, ndipo mwezi woyamba womwewo mufunse bungwe lanu ngati akauntanti wa kulikulu kapena odita amene amaona mabuku anu angaloledwe kukhala wokuyang'anirani.

Pa intavyu, akakupatsani mpata wofunsa, funsani zinthu zinayi mwaulemu koma mosazungulira: ngati malowo ndi ovomerezeka kuphunzitsirapo, amene adzasaine buku lanu lolembamo ntchito zimene mwagwira ndi ndani ndipo ndi membala wa bungwe liti, ngati amapereka masiku owerengera mayeso, ndiponso ngati mudzasinthidwa magawo. Funso lomalizali ndi lofunika kuposa mmene limamvekera. Munthu amene wakhala zaka zitatu akulemba macheke a ogulitsa katundu okha ali ndi luso la mwezi umodzi lobwerezedwa ka 36, ndipo zolinga zija sangazikwaniritse. Ngati akulipirirani mayeso, werengani bwino bondi imene akusainitsani, muone zaka zimene mukudzimanga ndi ndalama zimene mudzabweze mukachoka msanga.

Mukayamba, lembetsani mgwirizanowo nthawi yomweyo, ndipo muzilemba zimene mwachita miyezi itatu iliyonse n'kukasainitsa. Pano ndikulankhula ndi chipsera. Pa ntchito yanga yachiwiri ndinagwira miyezi 14 pansi pa bwana wabwino kwambiri, ndipo nthawi zonse ndinkati buku ndidzalemba mayeso akatha. Bwanayo anapeza ntchito kunja n'kuchoka mwadzidzidzi, amene analowa m'malo mwake anakana kusainira ntchito imene sanaione, ndipo sanalakwitse. Zinanditengera miyezi yambiri ya makalata kuti ndimupeze woyamba uja ndi kumukumbutsa zimene ndinachita, ndipo zina anali ataiwala. Lembani tsiku, dzina la ntchito, chimene munachita inuyo ndi manja anu, ndi chimene chinatulukapo, monga kuti munakonza ndondomeko ya katundu wokhalitsa wa kampani n'kupeza magalimoto awiri ogulitsidwa kale akadali m'mabuku. Ku ACCA ntchito imene munagwira musanayambe mayeso itha kuwerengedwa ngati pali woitsimikiza, choncho ngakhale muli kalaliki lero, yambani kulemba.

10. Mukalandira zilembo zija, zisungeni

Umembala uli ndi chopereka cha chaka chilichonse ndi maphunziro opitiriza amene timawatcha CPD. Ku ACCA ndi mayunitsi 40 pachaka, ndipo ICAM nayo imafuna umboni wake. Kusaina malipoti a odita kumafuna chiphaso china chapadera pamwamba pa umembala, choncho musatsegule ofesi m'tauni n'kuyamba kudinda mabuku a anthu musanachipeze.

Chimene chimachotsa anthu m'kaundula msanga ndi saini. Nkhani ya Cashgate ya 2013 inayenda kudzera mu IFMIS, pamene ndalama za boma zinkalipiridwa ku makampani amene sanapereke katundu kapena ntchito iliyonse, ndipo ena mwa amene anakalowa kundende anali ogwira ntchito za maakaunti a magiredi apansi ndithu. Tsiku lidzafika pamene wamkulu adzaika vawucha patebulo panu nthawi yoweruka itayandikira, yopanda invoisi ndi chikalata cholandirira katundu, n'kunena kuti mapepala abwera mawa. Yankhani mwaulemu kuti muikonza mapepalawo akangofika, ndipo akaumirira, apempheni kuti alembe lamulolo pa imelo kapena pa memo yosainidwa. Lembani tsiku ndi nthawi m'kabuku kanu kamene simukasiya mu ofesi, ndipo nkhaniyo ikapitirira, ipititseni kwa odita wam'kati kapena ku komiti yoona za odita, kenaka mufunse uphungu ku bungwe lanu musanasaine chilichonse.